Knuth-Bendix sakuima pa aba = bab, vuto lili pati?

Wophunzira_Chipata:
Akuluakulu, ndithandizeni. Monoid yanga (gulu la mawu opangidwa polumikiza zilembo, limene malamulo ake amanena mawu amene ndi ofanana) ili ndi zilembo ziwiri, a ndi b, ndi lamulo limodzi, aba = bab. Ndikayendetsa Knuth-Bendix (njira yopangira malamulo ochepetsera mawu) ndi dongosolo la shortlex (mawu aafupi amayamba, ndipo otalika mofanana amatsata ndondomeko ya zilembo), malamulo atsopano amangobadwa osaleka. Kodi ndiye kuti palibe njira yodziwira ngati mawu awiri ndi ofanana? Nanga ilipo pulogalamu yondiuza ngati monoid iliyonse imene ndaipatsa ili ndi mamembala owerengeka, ndiye kuti okhala ndi malire?

Mphunzitsi_Katete:
Pulogalamu yanu ilibe vuto, achimwene. Kapur ndi Narendran anasonyeza mu 1985 kuti pa zilembo a ndi b zokha, monoid imeneyi singakhale ndi malamulo owerengeka amene amaima komanso kugwirizana (kuchepetsa mawu kumafika pothera, ndipo njira zonse zimafika pa mawu amodzi). Kusintha dongosolo sikuthandiza.

Onjezani chilembo c, chiimire ab, ndipo ikani a < b < c. Muyamba ndi ab → c ndi ca → bc, popeza aba tsopano ndi ca ndipo bab ndi bc. Tsopano onani mawu akuti cab, pamene malamulo awiriwa akukwerana: mukayambira kumanzere mupeza bcb, mukayambira kumanja mupeza cc. Lamulo lachitatu ndi bcb → cc. Mawu akuti abcb akupatsani ccb ndi acc, ndiye lachinayi ndi ccb → acc. Kwatsala bcbcb, imene mbali zonse imafika pa bccc, ndi ccbcb, imene imafika pa cccc. Basi, malamulo anayi. Mawu awiri alionse achepetseni mpaka pamene lamulo silikugwiranso, kenako muwayerekeze.

Masamu_Petauke:
Funso lachiwirilo yankho lake ndi ayi, ndipo si nkhani ya kuchepa mphamvu kwa kompyuta. Markov ndi Post, aliyense payekha, anatsimikizira mu 1947 kuti pali monoid za malamulo owerengeka zimene palibe njira yoweruzira kufanana kwa mawu ake. Chitsanzo cha Tseitin chili ndi zilembo 5 ndi malamulo 7 okha. Mu 1951 Markov anawonjezera kuti kufunsa ngati monoid ili ndi membala mmodzi, ngati mamembala ake ndi owerengeka, kapena ngati xy = yx nthawi zonse, nakonso kulibe njira imodzi yoyankhira monoid zonse. Ngakhale kudziwa ngati malamulo adzaima n'kosatheka kwa onse, n'chifukwa chake timasankha dongosolo ngati shortlex limene limatsimikizira kuima.

Mphunzitsi_Katete:
Zoona, koma pa monoid yanuyi muli pabwino. Malamulo akangokwanira, membala aliyense amakhala ndi mawu amodzi osachepetseka. Pano ndi mawu opanda ab, ca, bcb ndi ccb mkati mwake. Pangani automaton (chithunzi cha mfundo ndi mivi chowerengera mawu chilembo ndi chilembo) yowalandira, muone ngati ili ndi njira yozungulira. Apa a, aa, aaa onse sachepetseka, choncho mamembala alibe malire. Komanso ab imafika pa c pamene ba imakhala momwemo, ndiye ab ndi ba n'zosiyana.

Wophunzira_Chipata:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye kuwonjezera chilembo kumapulumutsa nthawi zonse?

Masamu_Petauke:
Ayi. Squier anapeza mu 1987 monoid zimene kufanana kwa mawu ake kumaweruzika bwinobwino, koma zilibe malamulo owerengeka okwanira pa zilembo zilizonse zimene mungasankhe. Choncho pulogalamu muziiikira malire a kuchuluka kwa malamulo ndi kutalika kwa mawu, apo ayi idzadzaza memory. Ikafika pamalirepo, yang'anani timagulu ta zilembo tobwerezabwereza m'malamulo atsopanowo, monga ab pano, ndipo muyese kutipatsa chilembo chakechake.