Simbi yanga ikuonetsa 54 pa mita koma mita sikulira: kodi elementi yapsa?

Akuluakulu odziwa zamagetsi m'gulu muno, ndikupempha nzeru zanu pa simbi yanga yositira ya mawati 1000, imene kwa masabata awiri tsopano ikumazima yokha ndili mkati mosita, kababu kake nakonso n'kuzima, kenako n'kudzayakanso popanda chimene ndakhudza.

Ndinabwereka multimeter (mita yoyezera magetsi), ndinazula simbiyo pa soketi, ndipo nditaika mita pa chizindikiro cha kulira (pamene imalira ngati njira ya magetsi ili yosaduka) ndinayamba ndagundanitsa nsonga zake ziwiri kuti nditsimikize kuti ili bwino. Fyuzi ya m'pulagi inaliza mita. Waya wabulauni ndi wabuluu, aliyense payekha kuchokera ku pulagi mpaka mkati mwa simbi, anaiziliranso chimodzimodzi, ndipo thermostat (kachipangizo kowongolera kutentha) nayo inatero nditapotoza kabatani kake. Chimene chandisokoneza n'chakuti nditagunda mano awiri a pulagi onyamula moto, mita inangolemba 54 osalira, pamene ketulo ya mawati 2000 inalemba 27 n'kulira. Mnzanga wina akuti elementi (mbali yamkati imene imatenthetsa simbi) yapsa, koma ndikukayika, chifukwa chinthu chakupsa sichingatenthenso mawa lake.

Funso lachiwiri ndi ili: dzino la waya wobiriwira ndi wachikasu likuliza mita ndikaligunda pamodzi ndi chitsulo chositira, pamene mano enawo akulemba OL, kutanthauza kuti palibe kulumikizana. Kodi zimenezi n'zokwanira kunena kuti simbiyi singandigwire ndi magetsi?

Yankho loyamba: Achimwene, elementi yanu ilibe vuto. Mukachulukitsa mavoti 230 a pa soketi ndi 230 n'kugawa ndi mawati 1000 mupeza ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chimatchingira magetsi) pafupifupi 53, ndiye 54 imene mwaonayo ndi yoyenera. Mamita ambiri amalira pokhapokha nambala ikakhala yotsika kuposa 30 kapena 50, malinga ndi mtundu wake, n'chifukwa chake ketulo inaliza mita pamene simbi sinatero. Elementi yoduka imalemba OL. Ine ndikukayikira chingwe, makamaka pamene chimalowera m'simbi, poti tiwaya ta mkati timaduka pang'onopang'ono chifukwa chopindidwapindidwa, ndipo chingwecho chikagona phee timakhudzanabe. Gwirizitsani nsonga za mita pa mano a pulagi, wina azipinda chingwe mbali zonse, inu maso ali pa nambala.

Yankho lachiwiri: Pa funso lanu lachiwiri, zimene mwapezazo n'zolimbikitsa koma si umboni wokwanira. Mita imayesa ndi mphamvu yochepa kwambiri ya batire, choncho kuchucha kumene kumachitika pa mavoti 230, kapena simbi ikatentha, singakuone. Amisiri amayesa zimenezi ndi chipangizo china chotulutsa mavoti 500. Ngati simbiyo inakunjenjemeretsanipo dzanja ngakhale kamodzi, ipititseni kwa mmisiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndachita monga mwanenera, ndipo chingwe chikapindidwa pafupi ndi chogwirira, 54 ija ikusanduka OL nthawi yomweyo. Kodi ndingodula mbali yowonongekayo n'kulumikizanso?

Yankho lachitatu: Kudula kungathandize kwa kanthawi, koma chingwe chimene chatopa pamalo amodzi chimakhala chitafookanso pena. Ikani chatsopano cha mawaya atatu chopirira kutentha, chija chokutidwa ndi ulusi, ndipo mukamaliza muyesenso waya wobiriwira ndi wachikasu musanalowetse pulagi pa soketi.