Funso kwa amene muli ku Ohio: levy (msonkho wochita kuvotera) ya ozimitsa moto ndiivomereze?

Moni abale nonse m'gulu lino, makamaka inu amene mwakhalitsa ku Ohio kuno ku America.

Tauni yathu yaing'ono, kufupi ndi Columbus, ikupempha ovota kuti mu Novembala tivomereze kukweza msonkho wa nyumba ndi ma mill 2 (mill ndi muyeso wa msonkho wa nyumba), ati ndalamazo zilipire ozimitsa moto ndi ambulansi. Ine ndangoyamba kumene kuvota kuno, ndipo kanyumba tinagula chaka chatha.

Ndawerenga kapepala komwe anatiponyera m'bokosi la makalata, ndaimbanso ku ofesi koma foni imangolira. Chomwe ndatolapo n'chakuti kuno msonkho amauwerengera pa 35 peresenti ya mtengo wa nyumba, ndiye mill imodzi ndi madola 35 pachaka pa nyumba ya madola 100,000. Pamenepo palibe vuto.

Pandisokoneza ndi apa: pakapepalapo alemba kuti "additional" (msonkho watsopano woonjezera), pomwe aneba anga akuumirira kuti ndi "renewal" chabe (kupitiriza msonkho womwe ulipo kale), sitidzaonjezera kalikonse. Zoona ndi ziti? Nanga popeza msonkho wathu umalipidwa kudzera ku escrow ya ngongole ya nyumba (akaunti yomwe banki imasungamo gawo la ndalama zathu za pamwezi kuti izitilipirira msonkho), banki idzakweza liti zomwe timapereka pamwezi, Januwale yemweyo kapena pambuyo pake?

Ambulansi ndimaifuna ndithu, amayi akudwaladwala, koma thumba nalo lafooka. Amene munavoterapo levy yotere, ndithandizeni chonde.