Funso kwa amene anaphunzira social work ku yunivesite

Makolo ndi abale muno mu Chipata, ndithandizeni maganizo. Mwana wa achemwali anga wakhoza Giredi 12, ndipo mtima wake uli pa social work (maphunziro a ntchito yothandiza anthu amene ali pamavuto), digiri ya zaka 4 ija ya ku yunivesite ya UNZA ku Lusaka. Akufuna kudzathandiza atsikana amene amatenga pathupi ali pasukulu. Lamulo lowalola kubwerera m'kalasi akabereka lilipo kuyambira 1997, koma kumudzi kwathu ku Chadiza mumamupeza mtsikana wa zaka 15 atabereka khanda kumbuyo, akugulitsa tomato pamseu, yunifomu itapindidwa m'chikwama. Wokakhala pansi ndi makolo ake palibe. Zimenezi zimandidya mumtima, n'chifukwa chake ndikufuna mwanayu apite.

Inu amene munadutsamo, kodi maphunzirowa amafikadi pa za achinyamata, monga maukwati a ana ndi lamulo loteteza ana la Children's Code Act la 2022, kapena zimenezo munthu amakazidziwira kuntchito? Nthawi ya atachimenti (yokaphunzirira pantchito) mwanayu angapemphe kubwera ku ofesi ya Social Welfare kuno kwathu, kuti asavutike ndi lendi ya ku Lusaka? Nanga loni ya HELSB (bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a ku yunivesite) imakwanira mpaka pati?

Chondiopsa kwambiri ndi ntchito. Amene munamaliza, munalembedwa m'boma kapena m'mabungwe, ndipo munadikira nthawi yaitali bwanji?