Mbedza ikalowa m'chala, tichite bwanji?

Wa ku Chibavi: Akuluakulu, mbedza ikabaya munthu m'chala powedza, kuichotsa kwake n'kotani?

Wa ku Luwinga: Musaizule mokoka, achimwene, kamnga kakunsonga kaja kamang'amba mnofu. Dulani kaye chingwe. Ngati nsonga ili pafupi ndi khungu, ikankheni mpaka itulukire, dulani kamngako ndi pulayala, kenako bwezani mbedzayo momwe inalowera. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyera.

Wa ku Katoto: Koma ikakhala m'diso, pamfundo, kapena yazama, osaigwedeza n'komwe, thamangirani kuchipatala cha Mapale kapena cha Mzuzu Central. Funsaninso jakisoni wa kafumbata. Bala likayamba kutupa, kutentha ndi kutuluka mafinya, bwererani kuchipatala msanga.

Wa ku Mchengautuwa: Mlambanso umabaya ndi minga ya m'mbali mwa mutu. Poti umaterera, ugwireni ndi chiguduli kuseri kwa mingayo.