Za funso langa lija la "the team are"

Paja ndinafunsa ngati buku la galamala ya Chingerezi limene ndikugwiritsa ntchito linalakwitsa polemba kuti "the team are playing well". Yankho lapezeka: silinalakwitse. Ku Britain, mawu onena za gulu, monga team kapena government, amatha kutenga are akamaganizira anthu a m'gululo payekhapayekha. A ku America amakonda is.

Komatu bukulo silinapulumuke ayi. Patsamba lomwelo pali "informations", chonsecho mtanthauziramawu wa Oxford amasonyeza kuti dzinali ndi la zinthu zosawerengeka, ndiye s uja alibe malo. Penanso alemba "discuss about", pomwe discuss safuna about. Ziwirizi nzolakwika kulikonse, kaya ku London kaya ku New York. Ndawalembera osindikiza bukulo, akayankha ndidzakuuzani.