Khitchini ya agogo ku Zomba ikudontha

Lolemba

Mayi aang'ono: Mwadzuka bwanji nonse. Mvula ya usiku yalowanso m'khitchini. Ndinatchera mabeseni awiri pafupi ndi sitovu, limodzi ladzadza. Siling'i pakona pa chumuni yafufuma, ikulendewera. Apa ndi chizimalupsa chabe, nanga ya Disembala idzatani?

Ine: Tadzuka mayi, pepani. Abale, tinagwirizana nyumba 9, iliyonse K120,000. Amene amaliza kupereka ndi anayi. Mmodzi wapereka theka. M'thumba muli K540,000. Mmisiri akufuna K780,000 ya denga, chumuni ndi siling'i, wa magetsi K300,000. Maina sinditchula, aliyense akudzidziwa.

Malume: NDINANENA KALE. Khitchini imeneyo igwetsedwe mkati monse. Tiike matailosi, makabati atsopano, kukala ya magetsi. Kuzigamba chaka ndi chaka ndi kutaya ndalama.

Mayi aang'ono: Achimwene, chikudontha ndi denga, si makabati.

Malume: Zonse ndi zakalekale. Nyumba yomangidwa nthawi ya Chitaganya mpaka lero tikuinyengerera?

Msuweni wa ku Leeds: Malume, ndi ulemu wonse, musakhudze makabati aja. Kuno anthu amayenda mitunda kusaka zinthu za m'ma 1950, tebulo la Formica la miyendo yachitsulo ngati la agogo lija amaligula modula m'masitolo a zakale. Ife tili nazo zonse pamalo pake, palibe chinasunthidwa.

Malume: Amenewo ndi azungu. Iwe ukabwera umagona ku loji.

Msuweni wa ku Leeds: Yanga ndinatumiza pa Mukuru mwezi watha malume.

Ine: Inafika, ndinalemba.

Achimwene a ku Joni: Moni nonse, ndili pa ntchito ndiyankha mwachidule. Mayi, siling'i imeneyo musaigwiregwire. Nyumba zambiri za zaka zimenezo anaikamo mabodi a asbestos. Akakhala phee savuta, koma ukawathyola kapena kuwacheka fumbi lake limakhazikika m'mapapo, matenda amadzatuluka patapita zaka zambiri. Kuno anaaletsa mu 2008. Mmisiri ayambe wayang'ana. Ngati ndi amenewo anyowetse, achotse bodi lathunthu osadula, avale chotseka mphuno chenicheni, ndipo pasakhale wosesa pouma. Ana atuluke.

Mayi aang'ono: Ambuye. Ine dzulo ndimaitosa ndi mpini wa tsache kuti madzi atsike.

Achimwene a ku Joni: Musabwerezenso mayi.

Malume: MWAONA? Poizoni. Tigwetse.

Achimwene a ku Joni: Kugwetsa ndiye kumabalalitsa fumbilo nyumba yonse malume. Bodi ndi limodzi lawonongeka.

Mlamu: Odi pa gulu. Amene muli ndi nsalu ya ukwati wa Loweruka lija telala akuti mubweretse mawa, akachedwa sasoka.

Mayi aakulu: Ya buluu kapena yofiirira ija? Ine anandipatsa mamita atatu okha.

Mlamu: Ya buluu ndi ya kuchimuna.

Mayi aakulu: Kale tikanasoka tokha pakhomo. Makina a Singer a amayi aja anali abwino zedi, opalasa ndi phazi. Kaya ali kuti masiku ano.

Mayi aang'ono: Pamalo pake pa khonde lamkati padakali zizindikiro za miyendo yake.

Malume: Nkhani ya makina inatha pa maliro. Tisaidzutse.

Ine: Tibwerere ku denga chonde.

Lachiwiri

Mayi aang'ono: Mmisiri wakwera m'mawa uno. Akuti malata ndi olimba kuposa amene akugulitsa lero, ndi okhuthala, ongofunika misomali ina ndi penti. Pobowoka ndi pa lata lozungulira chumuni, ladyeka ndi dzimbiri. Mitengo ya denga waigogoda yonse, ndi mkungudza, chiswe sichinalawe ngakhale umodzi. Anatsika akununkhiza manja ake.

Msuweni wa ku Leeds: Fungo limenelo! Ukatsegula kabati ya mbale limakulandira. Ndikalikumbuka ndimaona agogo akutulutsa makapu a Kango aja, oyera a mkombero wakuda.

Ine: Ndipo mkungudza wa ku Mulanje panopa sungaupeze mwalamulo. M'phirimo unatha ndi macheka, akuchita kubzala mbande. Tikazula makabati amenewo sitidzapezanso matabwa otero, tidzaika ma bodi omata aja amene akangonyowa amafufuma.

Malume: Iwe wabadwa liti kuti undiphunzitse za matabwa? Ndakulira m'nyumba imeneyo ine. Ndinkapolisha simenti yofiira ija ndi Cobra Loweruka lililonse, chogwada, mpaka maondo kuchita zikang'a. Matailosi umangokolopa basi. TIIKE MATAILOSI.

Mayi aang'ono: Simentiyo ilibe mng'alu ngakhale umodzi achimwene. Ndimapolisha ndine tsopano, ndipo sindinadandaule. Dzuwa la m'mawa likalowa pa windo la kum'mawa, miyendo ya tebulo imaoneka pansi ngati pa madzi.

Mayi aakulu: Koma sitovu yokha ayi. Sitovu isachoke. Ana inu simudziwa mmene inabwerera. Bambo anaigula ku Bulawayo atatsala pang'ono kubwerera kumudzi. Inakwera sitima kudzera ku Salisbury, Umtali, mpaka kufupi ndi Beira, n'kukhotera kuno, kuwoloka Zambezi pa mlatho wautali wa ku Sena uja, kudzatsikira ku Limbe. Ku Zomba kulibe njanji, ndiye anachita kupempha lole. Amuna asanu ndi mmodzi anainyamula kuilowetsa, ndipo chitseko cha khitchini anachichotsa kaye. Amayi ankati tsiku limenelo anthu anabwera kudzaona ngati kwabwera mkwatibwi.

Msuweni wa ku Leeds: Iyi sindinaimvepo mayi. Pitirizani.

Mayi aakulu: Ndi Dover, chitsulo chokhachokha. Nkhuni umaika kumanzere, moto umazungulira uvuni kenako utsi n'kukwera. Pali kachitsulo kamene umakoka kuti moto upite ku uvuni. Amayi analibe choyezera, ankangolowetsa dzanja n'kuwerenga chamumtima, akadziwa kuti masikono alowe. Nthawi imeneyo Zomba ndi likulu, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndiye makalaliki ankaima pa geti m'mawa kugula masikono. Fizi yanu achimwene inachokera m'uvuni imeneyo, poyamba mashereni, kenako makwacha atabwera mu 1971.

Malume: Sindinakane. Koma nthawi inasintha. Nkhuni zikudula, mitengo ikutha m'phiri.

Mayi aang'ono: Pamenepo mukunena zoona. Sindiyatsa tsiku lililonse. Koma magetsi akazima mu Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, ndimayatsa ndi nthambi za pabwalo, nsima, ndiwo ndi madzi osamba zonse pa moto umodzi, nyumba n'kufunda mpaka m'mawa. Chathyoka ndi kachitsulo kogonekapo nkhuni basi. Wowotcherera wa ku msika akuti apanga.

Achimwene a ku Joni: Kuno masitovu amenewo akupangidwabe, zitsulo zake zimapezeka. Mundijambulire ndi kuyeza ndi tepi, ndidzapatsira wa basi. Imeneyo ndi yanga, musaike pa thumba.

Ine: Zikomo achimwene. Koma theka lanu lija likadalipo.

Achimwene a ku Joni: Pa 30.

Mayi aakulu: Achemwali ako a ku Mzuzu ali pa gulu pano? Chiyambireni sanalankhule.

Ine: Akuwerenga. Mizere ikusanduka ya buluu.

Mayi aakulu: Ya chiliza ija zinayambanso chonchi.

Mlamu: Mwina ndi netiweki.

Lachinayi

Ine: Wa magetsi wabwera. Apa ndiye ndikupempha tisakangane. Mawaya a m'khitchini ndi akale, okutidwa ndi labala, akangogwira ikuyoyoka ngati makala. Masoketi ndi a mabowo ozungulira aja, ndipo bokosi ndi la mafyuzi omanga ndi kawaya. Wina anamangapo waya wokhuthala, ndiye sungaduke ngakhale zinthu zitatentha. Madzi akudontha pafupi ndi pamenepo. Izi zisinthidwe zonse. Ndamuuza adutse m'mapaipi akale omwewo, asaswe khoma.

Malume: Pamenepo ndagwirizana nazo. Ndiye poti akusintha mawaya, asinthiretu zonse. MATAILOSI.

Msuweni wa ku Leeds: Maswitchi akuda ozungulira aja asataye chonde. Andisungire m'katoni.

Mayi aang'ono: Ndisunga. Nayonso kabati ya sefa ija ndaikokera pakati kuti isanyowe. Miyendo yake ikadali m'zitini za madzi monga ankachitira amayi, nyerere sizikwera. Mkaka wowiritsa umagona mmenemo bwinobwino nyengo yozizira.

Malume: Nanga tikadzafuna kuika lendi, ndani adzalowe m'nyumba ya kabati ya sefa?

Mayi aakulu: Lendi? Mwayamba liti kuganiza za lendi achimwene? Mng'ono wanga apite kuti?

Malume: Ndati TIKADZAFUNA.

Mayi aakulu: Mawu a amayi tonse tinawamva, tinali m'chipinda chimodzi.

Mayi aang'ono: Zisiyeni akulu. Ine ndikungofuna denga.

Mlamu: Kodi mawindo nawo ali pa kotesheni? Ndinaona magalasi awiri akugwedera.

Ine: Ayi. Mafelemu ndi achitsulo, ngolimba, yagwa ndi pate yogwira magalasi. Ndigula ndekha, ine ndi ana tidzamata Loweruka tikachoka ku ukwati. Zogwirira zake ndi za mkuwa, tikazipukuta ziwala.

Malume: Kotesheni imeneyo munditumizire ndiione ndi maso anga. Sindipereka ndalama pa chinthu chimene sindinaone. Ndipo ndikubwereza, mudzandikumbuka pa nkhani ya matailosi.

Ine: Ndinatumiza pa 3 malume, ndatumizanso pompano.

Mayi aakulu: Mwana wanga wa ku Kasungu akuti fodya sanamulipire yense, apereka K50,000 kaye. Walowetsa pa Airtel Money, taona.

Ine: Yafika. Tili pa K590,000. Mmisiri akuti ndi K500,000 ayamba chumuni ndi siling'i Lolemba, yotsalayo pomaliza. Wa magetsi adikira. Mpaka nthawi imeneyo mayi, fyuzi ya khitchini ikhale yozula, muziphikira pa mbaula pakhonde.

Mayi aang'ono: Ndazula kale. Mitambo yayambanso kuunjikana ku phiri. Amene ali ndi lona andibwereke tiphimbe pa chumuni mpaka Lolemba.

Mlamu: Lilipo la chimanga lija, koma lili ndi bowo pakona. Nditumiza mnyamata pa njinga 4 koloko.

Mayi aang'ono: Abwere ndi chingwe. Makwerero ndibwereka kwa aneba.