Kodi maselo amoyo angagulitsidwe m'timapaketi kuno ku Ngabu?

Moni nonse a pagulu lino. Ndikulemba kuchokera ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, ndipo ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu a zaumoyo.

Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 9, ali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wogulitsa ufa wa m'timapaketi umene akuti ndi ma stem cell, ndipo anauza alamu anga kuti mwanayo akamwa kwa miyezi itatu, magazi ake adzasinthiratu. Alamuwo atsimikiza zogulitsa ng'ombe ziwiri, koma ine monga malume ake a mwanayo mtima sukundilola.

Malinga ndi zimene ndinawerenga, ma stem cell ndi maselo amoyo amene amachulukana n'kusanduka maselo ena, monga a magazi kapena a mtima. Akatswiri amawalera mu labotale, m'makina otentha madigiri 37 ngati thupi la munthu, akumawasinthira madzi a chakudya pafupipafupi, ndipo tizilombo tikangolowamo ntchito yonse imatayidwa. Ngakhale Shinya Yamanaka wa ku Japan, amene mu 2007 anabweza maselo a khungu la munthu kukhala ma stem cell, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2012, sanapange ufa wosungunula m'kapu. Nanga chinthu chosachedwa kufa chotere chingapirire bwanji m'chikwama cha pa kabaza, ndi dzuwa lathu la Okutobala lopitirira madigiri 40?

Sindikukana kuti chithandizo chenicheni chilipo. Madokotala amatha kumuika wodwala mafuta a m'mafupa a m'bale wake ngati maselo awo agwirizana, ndipo mu 2023 Britain ndi America anavomereza Casgevy, njira yotenga maselo a wodwala yemweyo, kuwakonza mu labotale ndi kuwabwezera m'thupi. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni, ndalama zimene ng'ombe za mudzi wathu wonse sizingafikire.

Choncho ndithandizeni: kodi tikapita ku Queen Elizabeth ku Blantyre tikafunse chiyani za mankhwala a hydroxyurea, amene amapatsidwa kwa odwala sickle cell, ndipo abale awiri a mwanayo angayezedwe kuti, kuti tidziwe ngati maselo awo akugwirizana ndi ake? Komanso inu akuluakulu, ndiwauze motani alamu anga popanda kuoneka ngati ndikuwaletsa kuthandiza mwana wawo? Wogula ng'ombezo wanena kuti abwera Loweruka.